Chala Chimene Chinanditcha Mfiti

Ku Blantyre ndinapitako kamodzi kokha pa moyo wanga, ndipo chimene chinandipititsako ndi chala cha kuphazi cha mwamuna amene anandisiya. Sindinapite chifukwa cha chifundo ayi. Ndinanyamuka kwathu, kufupi ndi Chiromo, mtima uli bii, ndikufuna kuti wina akalawe manyazi amene anandimwetsa ine.

Bambo a Fatsani, amuna anga, atapuma ntchito ya ukapitawo kuminda ya nzimbe, anakatenga mkazi wachiwiri pa Bangula, dzina lake Joana. Joanayo ali ndi chiwaya pamsika, amakazinga zamkati za mbuzi: chiwindi, impso, mapapo ndi matumbo opota aja. Tsiku losamuka anandiuza ndi pakamwa pawo kuti atopa ndi ndiwo zanga. "Therere, chisoso, kholowa, tsiku ndi tsiku. Kodi ine ndine mbuzi?" Anatero munthu amene ndinamuberekera ana asanu. Ndinangoti chabwino, pitani muzikadya mbuzi zenizenizo.

Chaka chatha, nyengo yotentha ija, tinamanga chiliza cha apongozi anga. Anapha mbuzi ziwiri, zamkati zonse zinapita kwa amuna pansi pa mtengo, mowa wamasese uli m'ndowa. Mwambo utatha, bambo a Fatsani analowa m'nyumba mwanga kudzatenga jekete lawo lakale n'kutuluka. Basi, nkhani yonse ndi imeneyo. Kutacha kunabwera uthenga woti chala chachikulu cha phazi lawo lamanja chatupa, chikutentha, chikunyezimira ngati phwetekere wakupsa, ndipo ngakhale nsalu ikachikhudza akukuwa mudzi wonse kumva.

Alamu anga a Semba, akulu awo a amuna angawo, sanachedwe kupeza chifukwa. Akuti ndinakwirira mankhwala pakhomo kuti mwamuna aponde. Anabwera ndi khasu n'kukumba pakhomo la nyumba yanga, anthu akuonerera. Anafukula chigoba cha nkhono ndi msomali wadzimbiri, akuti umboni ndi umenewo. Kuyambira tsiku limenelo amayi kumjigo ankasuntha zidebe zawo ndikafika, ndipo kutchalitchi benchi yonse inkakhala ya ine ndekha. Kwathu kuno mkazi amakhala kumudzi kwa mwamuna, tsono a Semba analamula kuti chalacho chikadzatupanso, ndidzasiye nyumba ndi dimba langa la m'mbali mwa Shire, ndizipita kwathu. Kwathu kuti? Makolo anga anawoloka kuchokera ku Mozambiki ine ndili kumsana, ndipo onse awiri ali m'manda.

Chinatupanso. Asing'anga anali atatema kale mphini phazi lonse, osathandiza. Kuchipatala chaching'ono anapereka mapiritsi oziziritsa ululu, ndi kalata yoti akayezetse magazi kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Kalatayo inangokhala m'thumba, chifukwa Joana sakanasiya chiwaya chake, ndipo a Semba ankati za kumudzi makina saona. Atandiuza tsiku la mlandu wanga, ndinagwada pamaso pawo n'kupempha chinthu chimodzi: kalata ija iyambe yatsatidwa, ndiwaperekeza ndine.

"Pyadidi, zili bwino," anatero a Semba. "Womanga ndiye womasula. Pitani, koma mukabwerako opanda yankho, dimba lija musadzapondemonso."

Ndinanyamuka kutangoyera, pa kabaza mpaka pa Mtayamoyo, pamene madzi anadula msewu ndipo anthu amawoloka pa boti. M'botimo munali amayi awiri a m'mudzi mwathu. Atandiona, mmodzi anakokera chitenje pansi n'kuphimba zala zake za kuphazi, mnzakeyo n'kuchita chimodzimodzi. Ndinawayang'ana mpaka tsidya, osaphethira, ndipo palibe amene anandipatsa moni.

Pa siteji ya Bangula ndinawapeza bambo a Fatsani atafika kale, atawakankha panjinga. Phazi lamanzere linali mu nsapato yopolishidwa bwino, lamanja mu patapata wodulidwa lamba, chala chili pamtunda. Joana anali pambali, atanyamula jumbo yodontha mafuta ndi mabotolo awiri a zakumwa zotsekemera.

"Kamba wa paulendo uyu, bambo. Ndaika chiwindi chambiri monga mumakondera," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine, maso ali paphewa langa osati pankhope. "Mukawasamale, mayi."

"Ndinawasamala zaka makumi atatu usanawadziwe," ndinamuyankha. "Masiku awiri sangandikanike."

Minibasi inali ndi anthu anayi okha, koma kondakitala ankakuwa kuti watsala munthu mmodzi. Injini ankailiza, galimoto n'kusuntha pang'ono, kenako n'kubwerera pomwe paja. Dzuwa linakwera, malata a galimoto anayamba kuwotcha, ife tili momwemo. Ndiye panabuka mkangano wa phazi. Bambo a Fatsani ankafuna kulitambasula, kondakitala akuti phazi lotambasula ndi pasenjala, lilipire mpando wake. Amuna anga anayesa Chingerezi chawo cha kuesiteti ya nzimbe, kondakitala n'kuwauza kuti Chingerezi sichigula mafuta. Mapeto ake anawakhazika kumbuyo kwa dalaivala, phazi n'kulisanjika pa dengu la mayi wina wogulitsa milamba youma. Ine ndinakhala mpando wa kumbuyo kwawo, pamene ndinkatha kuchiona bwino chalacho.

Tinanyamuka dzuwa litatsala pang'ono kufika paliwombo. Dzenje loyamba la mumsewu, bambo a Fatsani anakuwa, "Mayo ine!" Lachiwiri, anaitana dzina la amayi awo amene tinawamangira chiliza aja. Ndisaname pamaso pa Mulungu, dzenje lililonse linkandikomera. Ndinkakumbukira dzenje limene anakumba pakhomo panga, ndipo mumtima ndinkamuuza dalaivala kuti asaphonye ngakhale limodzi.

Tisanafike pa Sorgin, galimoto yonse inali itasanduka chipatala. Mayi wa milamba uja anawerama n'kuchiyang'anitsitsa chala.

"Amenewa ndi matekenya, achimwene. Singano yowotcha basi, ndikhoza kukuchotsani pompano."

"Matekenya saotcha thupi chonchi," anatero mkulu wina wa chipewa, amene ananyamula nkhuku pamiyendo. "Chikhadabo chalowa m'mnofu chimenecho. Mumawenga mozungulira m'malo mowongola. Mwana wanga anachita kum'zula."

Wina kumbuyo anati ndi nsapato zothina za anthu a ntchito, zimakhotetsa fupa. Mphunzitsi wina wachitsikana anafunsa ngati anayezetsapo shuga, poti amalume ake anayamba ndi chala n'kuthera kudulidwa mwendo. Apo bambo a Fatsani anakweza mawu.

"Nkhabe, si zimenezo! Ine ndinapondetsedwa."

"Ndi ndani, achimwene?"

"Mwini wake sali patali."

Mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anayamba kukokera mapazi ake pansi pa mpando, pang'onopang'ono, ngati sindikuona.

"Musavutike kubisa, mayi," ndinatero mokweza. "Ndikanakhala ndi mankhwala oterowo, sindikanataya nthawi ndi chala. Munthu wamitala ali ndi malo ena oyenera kutupa."

Kondakitala anaseka mpaka kumenya chitseko. Mayi wa milamba anagwira pakamwa, mkulu wa nkhuku anayang'ana kunja ngati sanamve. Amuna anga sanatembenuke, koma khosi lawo linauma gwa mpaka pa Ngabu.

Titadutsa pa Ngabu, Nchalo isanaoneke, tayala lakumbuyo linaphulika. Tayala lapadera linalipo, koma lopanda mpweya. Kondakitala anakwera nalo kabaza kupita ku Nchalo, akuti mphindi khumi zokha. Tinatsika tonse n'kukaunjikana pansi pa mtengo wa masawu, mthunzi wake wosakwana anthu asanu. Kutentha kwa chigwa chathu mukukudziwa: mphepo ikawomba imakhala ngati yachokera m'ng'anjo ya njerwa. Amuna awiri anawanyamula bambo a Fatsani n'kuwakhazika pamuzu.

Ndi pamenepo anamasula jumbo ya Joana. Fungo la chiwindi linadzaza pansi pa mtengo. Anagawira mkulu wa nkhuku, anagawira dalaivala, ine osandiyang'ana n'komwe. Anadya mpaka kunyambita pepala, n'kutsitsira mabotolo onse awiri. Ndinawapatsa chigubu changa cha madzi, poti ngakhale mdani sum'mana madzi pa dzuwa lotere.

"Madzi ndi a achule," anatero, akukankha chigubucho. "Ndiponso za m'manja mwanu ine ndinasiya."

Ndinadya mbatata yanga yophika. Mphindi khumi za kondakitala zinakwana maola atatu. Nkhuku ya mkulu uja inayasamula kukamwa, iye n'kumaithira madzi pamutu, ndipo madzi anga otsala anathera m'galimoto, poti nayonso inali itatentha.

Pa Nchalo tinaima kudikira anthu ena, pa Dyeratu chimodzimodzi. Tinawoloka mlatho wa Shire dzuwa litapendeka, apolisi pa Thabwa anasuzumira m'madengu n'kutilola. Kenako phiri. Ine ndinabadwira pansi pathyathyathya, sindinkadziwa kuti msewu ukhoza kupindika chonchija, makutu n'kutsekeka okha. Galimoto inkakwawa, ikulira ngati ng'ombe yokoka ngolo. Pa kona ina yakuthwa katundu anasefukira mbali imodzi, ndipo ndowa ya munthu wina inatsetsereka n'kukagunda chala chija ndendende. Kukuwa kumene anakuwa, dalaivala anaponda buleki poganiza kuti wagunda munthu. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje kuti kuseka kusamveke.

Titafika mu Blantyre, tinagona kwa mwana wa mchemwali wanga. M'mawa mwake chala chinali chitaposa masiku onse, kutupa kutafika m'kakolo, moti kuchipatala analowa pa njinga ya odwala, wokankha ndine. Tinakhala pamzere, anawatenga magazi, tinadikiranso panja mpaka masana. Amene anatiitana anali dokotala wamkazi, wamng'ono kuposa Fatsani wanga. Anachigwira chalacho mosamala, anayang'ana chikhadabo, anayang'ana pakati pa zala, n'kupukusa mutu ataona mphini.

"Chikhadabo chili bwino, matekenya mulibe, fupa silinakhote, shuga mulibenso," anatero. "Bambo, awa ndi matenda otchedwa gauti."

Amuna anga, ndi Chingerezi chawo cha kuesiteti, anadzuka nawo mawuwo.

"Goti? Adokotala, goti si mbuzi? Ine ndadwala mbuzi?"

Dokotala uja anaseka mpaka kuvula magalasi. "Si goti wa mbuzi ayi, ndi gauti. Komatu simunaphonye kwambiri. Dzulo munadya chiyani?"

Anayamba kuyang'ana kudenga. Ndinayankha ndine, ndipo sindinasiye kanthu: chiwindi, impso, mapapo, zakumwa mabotolo awiri, madzi ngakhale dontho. Ndinawonjezera za chiliza, mbuzi ziwiri zija ndi ndowa za mowa. Ndinawonjezeranso kuti kumene amakhala chiwaya sichizima.

Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono, ndipo mawu aliwonse ndinawasunga. Akuti m'magazi mwa munthu aliyense muli mtundu wina wa mchere umene umatuluka ndi mkodzo. Ukachuluka umakaundana m'mfundo, makamaka ya chala chachikulu, n'kukhala ngati timasingano, ndiye kutupa ndi kutenthako. Ena amachita kubadwa nalo vutoli, koma chimene chimaukolezera ndi zamkati za nyama, nyama yofiira yambiri, mowa, zakumwa zotsekemera, tinsomba touma ngati usipa tikachuluka, kunenepa, ndi kusamwa madzi kumalo kotentha ngati kwathu. Anawalembera mapiritsi ophwetsa kutupa, ndi ena omwa tsiku ndi tsiku otsitsa mcherewo, n'kuwauza tsiku lodzayezetsanso. Chikadzuka, akuti phazi aziliika pamwamba n'kumaliziziritsa ndi nsalu yonyowa, osatemanso mphini. Azimwa madzi ambiri, azidya masamba.

"Masamba ngati ati, adokotala?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

"Alionse, mayi. Therere, chisoso, kholowa."

Ndinamva ngati ndiimbe nthungululu m'chipindamo. Koma ndinali ndi funso limodzi limene ndinalinyamula kuchokera ku Chiromo.

"Nanga munthu angawatenge matendawa poponda chinthu pakhomo pa mnzake?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana amuna anga, ndipo ndikhulupirira anamva nkhani yonse. "Matenda awa salowera kuphazi, mayi. Amalowera pakamwa. Ndipo bambo, mukapitiriza, chidzabweranso choposa apa, chidzagwira bondo, mwinanso impso zanu zomwe."

Tinabwerera tsiku lotsatira, mapiritsi atayamba kugwira, munthu akutha kuponda ndi chidendene. Ulendo uno tinakhala mpando umodzi. Titatsikira pa Thabwa, kutentha kwa kwathu kutatilandira, amuna anga anasendera pafupi n'kulankhula motsitsa, mawu amene sindinawamve kwa zaka zitatu.

"Mayi a Fatsani, za mbuzizi tisakazinene kumudzi."

"Chifukwa ninji?"

"Anthu akandiseka. Ndiponso akamva kuti chiwaya cha Joana chimadwalitsa, malonda ake atha. Tikangoti ndi nyamakazi. Akulu ndikalankhula nawo ine, nkhani ingozizira yokha."

"Nanga dzina langa?"

"Anthu amaiwala."

Anatenga kabuku ka kuchipatala n'kukalowetsa m'thumba la mkati la jekete, lomwe lija anadzatenga kunyumba kwanga. Sindinalimbane nawo. Zolemba za madokotala ngakhale mphunzitsi sangaziwerenge, ndiye kabukuko sikakanandithandiza pamaso pa a Semba. Kuyambira pa Dyeratu mpaka pa Sorgin sindinatsegule pakamwa, ndipo iwo anayesa ndavomera. Malonda a Joana anali ndi mtengo, manyazi awo anali ndi mtengo, koma ine wosunthiridwa zidebe kumjigo ndingodikira kuti anthu aiwale. Ndinalumbira mumtima kuti mlandu suwola, ndipo uwu suona dzuwa la mawa.

Pa Bangula tinafika dzuwa likadalipo. Amuna anga anali ataimbira foni akulu awo, choncho pa chiwaya cha Joana tinapeza a Semba atakhala pabenchi, ndi anthu ena a kumudzi amene anabwera kumsika, kuphatikizapo mmodzi wa amayi obisa zala m'boti aja.

"Apeza chiyani madokotala?" anafunsa a Semba.

"Aa, akuti mwina nyamakazi," anayankha amuna anga, maso ali pansi. "Sanaone bwinobwino."

"Ndinanena ine! Za kumudzi makina saona." A Semba anatembenukira kwa ine. "Mlamu, mwamva nokha."

Nthawi yomweyo Joana anatulukira ndi mbale yodzaza, chiwindi ndi impso zikadali kuthetheka, dzanja linalo atanyamula chikho cha mowa, kuti alandire mwamuna wake. Ndinaimirira n'kumulandira mbaleyo ndi manja awiri. Anadabwa, koma anandisiyira. Ndinapita pamaso pa bambo a Fatsani, ndinagwada bwinobwino monga anandilangira anamkungwi, n'kuika mbale pamiyendo pawo, chikho pambali.

"Alamu," ndinatero mokweza kuti ndi ogulitsa nsomba omwe amve, "kale munthu akamuganizira ufiti ankamumwetsa mwabvi. Lero mwabvi wake ndi uwu, koma womwa si ine. Ngati chala ichi ndinachilodza ndine, mbale iyi ilibe mlandu. Idyani, bambo a Fatsani. Idyani yonse, mutsitsire ndi mowawo. Mukamaliza, ine dimba ndalisiya lero lomwe, ndi nyumba yomwe."

"Idyani, achimwene, mwachokera kutali," anatero a Semba, osadziwa kanthu.

Anthu anayamba kusendera. Bambo a Fatsani anayang'ana mbale, anayang'ana chala chawo. Anatola kachidutswa ka chiwindi, kanafika pafupi ndi mlomo. Ndinaona thukuta likutsika kuseri kwa khutu. Munthu uyu anali atalawa zimene jumbo ya pansi pa msawu inamuchita, ndipo ululu umenewo sauiwala ngakhale wokonda nyama chotani. Kachidutswa kaja kanabwerera m'mbale.

"Chotsani," ananong'ona.

"Mwati chiyani, bambo? Akulu anu sanamve."

"Ndati chotsani! Ndi mbuzi. Adokotala ati ndi zamkati za mbuzi ndi mowa. Sindinaponde kanthu ine. Mayi a Fatsani alibe mlandu."

Pamsika panamveka phokoso ngati wina wagwetsa dengu la tomato. Joana anagwira m'chiuno, kukamwa kuli yasa. A Semba anavula chipewa n'kuchivalanso. Ine ndinatenga mbale ija, ndinakhala pabenchi pafupi ndi alamu angawo, ndinatambasula miyendo kuti zala zanga zonse khumi zionekere, n'kuyamba kudya. Joana amadziwa kukazinga, zimenezo sindingam'mane. Ndinadya ndekha mpaka mbale kuyera, osagawira munthu.

"Takhuta, Joana, zikomo," ndinatero pomubwezera mbale. "Ndipo inu alamu, khasu lija mukadali nalo? Pakhomo panga pali dzenje likukudikirani."

Dzenjelo anadzalikwirira okha Loweruka, tsiku lomwe anakonza kuti likhale la mlandu wanga, ndipo ndinaonetsetsa kuti amene anaonerera pokumba aonererenso pokwirira. Dimba ndikulima mpaka lero, ndipo benchi ya kutchalitchi inadzazanso.

Patatha milungu itatu, wakabaza wina anaima pakhomo panga ndi uthenga wochokera ku Bangula. Akuti bambo a Fatsani akuti Joana sadziwa kuthira chidulo, therere lake likumakhala madzi okhaokha, ndiye akupempha ngati angabwere kudzakhala kuno masiku angapo. Ndinamuuza wakabazayo kuti adikire. Ndinatsikira kudimba, ndinathyola therere lanthete, lodzaza jumbo, n'kumangirira bwinobwino pakaliyala.

"Ndikawauze kuti chiyani, mayi?"

"Ukawapatse. Ukawauze kuti ndi losaphika, ndipo nkhuni ali nazo komweko."